Zala Zinayi

Mpaka lero galimoto ikaima pa Kachulu, ine sindiyang'ana penti yake kapena munthu amene watsikamo. Ndimawerama n'kusuzumira kunsi. Anyamata onyamula matemba amandiseka, amati agogo aja anataya singano kalekale ndipo akuifunabe. Ndimangofuna kuona kuti mimba ya galimotoyo yatalikana bwanji ndi dothi.

Ku Halale ndinapita selefu, osalembetsa kwa aliyense. Anandikoka ndi alamu anga a Layisoni, achimwene ake a mkazi wanga Esinati. Iwo kwawo kunali pa chilumba cha Chisi, ine kumtunda kuno kwa Mwambo. Anali atatha kale zaka zambiri kumigodi, kenako n'kupeza ntchito pa galaja m'tauni. Atabwera kudzapuma mwezi umodzi, anandipeza ndikuyanika matemba pa thandala.

“Alamu, mudzakalamba mukununkha nsomba,” anatero. “Tiyeni mukanunkheko oyilo.”

Tsiku lonyamuka, apongozi anga anatiperekeza mpaka padoko. Mwa mwambo wathu sakanayankhula nane maso ndi maso. Anaima chammbali, kuyang'ana kumadzi, n'kumayankhula ndi mwana wawo Esinati ine ndili pomwepo.

“Uwauze bambo awa kuti mchimwene wakoyu ali ndi mtima wa tchona. Ndawabwereka. Adzandibwezere.”

Tonse tinaseka, chifukwa wamkulu anali a Layisoni, ndipo wotengedwa ndinali ine. Apongozi okha sanaseke. Esinati anali ndi pakati pa miyezi isanu, ndipo anaima padokopo mpaka bwato litalowa m'mabango.

Mwini galaja anali mzungu wowonda, wosakhazikika, ndipo antchito tinkamutcha Kamphepo. Masiku asanu pa mlungu tinkakonza magalimoto a anthu. Loweruka ndiye linali tsiku la misala yake. Anzake ankabwera ndi tigalimoto tawo tating'onoting'ono, n'kutizungulira ndi mabotolo m'manja ngati anthu osankha mbuzi pamsika. Ankatichotsa mipando yakumbuyo, kutiboola ekizozi kuti tizilira, kutivala matayala otambalala, kenako Lamulungu ankakathamangitsana pabwalo kunja kwa tauni. Chimene ankakonda koposa ndi tigalimoto tatifupi, topanda buti, tokhala ndi chitseko chimodzi chachikulu kumbuyo. Ife tinkatitcha tidukamchira.

Panali mmodzi yekha wa iwo, mlimi wa fodya, amene ankabwera pa galimoto yaitali imene tinkaitcha wagoni. Ankamuseka mlungu uliwonse kuti wabwera ndi ngolo ya ng'ombe. Iye ankangosisita denga la wagoni yake n'kunena kuti mmenemo mumalowa agalu atatu ndi mkazi mmodzi popanda kulumana.

Mkangano umenewu tinautengera kukomboni. Tinkagona amuna asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi, tonse ochokera kuno, opanda ngakhale njinga, koma tikamadikira nyemba pa pulayimasi tinkatsutsana za magalimoto ngati tili nawo khumi. Ine ndinali wa kadukamchira. Ndinali nditaona mmene kamakhotera pakona osapendama, ndipo mtima wanga unapita nako. A Layisoni anali a wagoni.

“Kadukamchira n'kachibwenzi, alamu,” ankatero. “Wagoni ndi banja. Madengu a matemba angalowe angati m'kachule kanuko?”

“Galimoto si dengu, alamu.”

“Nanga munthu akadwala? Muzimupinda ngati mpeni wa m'thumba?”

Ntchito yawo inali yopopera penti, m'kashedi kopanda zenera, kansanza kali pamphuno. Madzulo akalavula, malovu ankatuluka ndi mtundu wa galimoto ya tsiku limenelo. Ankaseka kuti lero ndadya yofiira, mawa ndidya yobiriwira. Chifuwa anabwera nacho kale kuchokera kumgodi, penti inangopeza khomo lotsekula.

Ine ntchito imene ndinaidziwa bwino inali yotsitsa galimoto. Kamphepo ankati galimoto yokwera imagwedezeka pakona ngati mayi wosenza mtsuko, choncho iyenera kukhala pafupi ndi msewu. Kutsogolo tinkadula masipuling'i ndi sowo. Kumbuyo, kumene kumakhala zitsulo zosanjikizana, tinkachotsako ziwiri. Ine sindinkagwiritsa ntchito tepi. Ndinkayeza ndi dzanja: zala ziwiri kwa wamantha, zitatu kwa wothamanga, zinayi kwa wamisala. Azungu aja anayamba kundiitanitsa ndi dzina, ndipo kunena zoona mutu unakula. Munthu amene unkangodziwa kuponda bwato, lero anthu a nsapato zonyezimira akudikira dzanja lako. Ndinkatumiza kumudzi mabulangete ndi nsalu, ndi kadiresi ka mwana wanga Joyisi amene ndinali ndisanamuone, ndipo m'makalata ndinkalemba za masipuling'i ngati kuti Esinati angazimve.

Wagoni yathu tinaipeza chifukwa cha ngozi. Mlimi wa fodya uja anaigundanitsa ndi mtengo, n'kugula ina, yakaleyo n'kuisiya kuseri kwa galaja. Inakhala pamenepo mvula ziwiri, nkhuku za mlonda zikuikira mazira pampando. Tsiku lina a Layisoni anavula chipewa n'kukaipempha. Kamphepo anaseka mpaka kutsamira khoma.

“Tengani,” anatero m'chilapalapa chake. “Mukaidzutsa, ndi yanu.”

Tinaidzutsa. Zinatitengera Malamulungu osawerengeka, tikatuluka m'tchalitchi. Ine ndinali pa injini, iwo pa thupi, kuwongola malata ndi hamala pang'onopang'ono. Anaipaka penti yotsalira, yobiriwira ngati mpunga wanthete. Maganizo awo anali amodzi: tidzapite nayo kwathu, tizikanyamula nsomba kuchokera pa Kachulu kupita ku Zomba, tisadzagwirenso ntchito ya munthu. Tsiku limene injini inalira, a Layisoni anavina mpaka chifuwa chinawakhazika pansi.

Koma ine ndikaiyang'ana, inkandinyansa. Inkaima pamwamba ngati ng'ombe yodwala, pambali pa tigalimoto ta azungu togona pansi bwinobwino. Loweruka lina mmodzi wa iwo anaikankha ndi phazi n'kundifunsa kuti, iwe katswiri wotsitsa, yako yomwe yakukanika? Anzake anaseka. Mawu amenewo anandilowa m'mafupa.

Mawa lake a Layisoni anatsala kukomboni, thupi litawatentha. Ndinapita ndekha, n'kutenga sowo. Sindinayeze ziwiri kapena zitatu. Ndinayeza zinayi.

A Layisoni ataiona Lolemba anaima manja ali m'chiuno. Inali itakongola, zimenezo sindingakane ngakhale lero. Inagona pansi ngati mlamba.

“Alamu, msewu wa ku Kachulu mwauiwala?”

“Tikamadzapita ndidzabwezera. Ndi ntchito ya tsiku limodzi.”

“Zodula ndi sowo zimabwezeredwa?”

“Tidzapeza zina.”

Anapukusa mutu. “Ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo,” anatero, n'kulowa m'kashedi kawo.

Zitsulo zinayi zimene ndinachotsa kumbuyo zija ndinapatsa bambo wina wosula kukomboni. Anasula nkhwangwa zabwino kwambiri, imodzi anandipatsa ine.

Panapita chaka. Tinkayenda nayo Lamulungu m'misewu ya phula, pang'onopang'ono, chifukwa petulo nthawi imeneyo ankagulidwa ndi makuponi. Anthu a kukomboni ankaimika maso. A Layisoni nawonso ankakhala kutsogolo chigongono chili pazenera, ndipo za masipuling'i sanazitchulenso. Ine ndinkati mawa, ndinkati mwezi wamawa.

Kenako anagwa m'kashedi muja, mfuti ya penti ili m'manja. Kuchipatala anakhala milungu itatu. Dokotala anandiitanira pakhonde n'kundiuza kuti mapapo atha, ngati munthuyu ali ndi kwawo apite tsopano, osati mlungu wamawa. Masiku omwewo kunabwera kalata ya Esinati. Analemba kuti nyanja yauma. Ndinawerenga kawiri. Anati yaumiratu, mabwato ali pamtunda, anthu akupita pa Chisi wapansi, ndipo malole akukafika kukatenga nkhuni.

Nditawawerengera a Layisoni, maso awo anawala koyamba.

“Mwamva, alamu? Mulungu watiyalira msewu. Mukanditsitse pakhomo pa amayi. Ndikawaone ndi maso angawa, basi.”

Ndinathamanga kwa Kamphepo. Anandilembera kalata ya pamalire, n'kundipatsa makuponi ake a petulo. Za masipuling'i anatambasula manja. Zinthu za magalimoto zinali zitasowa m'dziko lonselo, za mtundu umenewo mwina zikanapezeka patatha mwezi. Ndinazungulira malo atatu otayako magalimoto akufa, osapeza kanthu. Ndinapita ngakhale kwa wosula uja, ngati kuti nkhwangwa ingabwerere kukhala sipuling'i. Mwezi tinalibe.

Ndinapinda mpando wakumbuyo, n'kuyala matiresi. A Layisoni anali munthu wamtali, koma anakwanamo ndendende, mutu kuseri kwa mpando wanga, mapazi kuchitseko.

“Mwaona?” ananong'ona. “Bwenzi m'kachule kanu kaja mutandipinda.”

Pa phula inkayenda ngati ikuuluka. Mavuto anayamba phula litatha, kulowera ku Tete. Mwala uliwonse unkatipatsa moni kunsi. Pokwera pantoni pa Zambezi mimba inakhula chitsulo mpaka anthu anatseka makutu, ekizozi n'kuthothoka. Ndinaimanga ndi waya. Kutentha kunali koopsa, ndipo ndinkaima pafupipafupi kuwanyowetsa milomo ndi kansalu. Titalowa m'dziko lathu, anyamata a chipani anatiimitsa pamsewu kufuna makadi. Ndinawaonetsa wodwala. Anati wodwalanso ndi munthu. Ndinagula awiri, limodzi n'kuwaikira a Layisoni m'thumba la malaya.

Kuchokera ku Zomba kutsikira kunyanja ndinayenda ngati ndanyamula mazira. Pena ndinkatsika kuchotsa miyala ndi manja. Tinafika pa Kachulu dzuwa lili paliwombo, tsiku lachitatu.

Sindinapazindikire. Panalibe fungo la nsomba, panalibe phokoso. Mabwato anali atagona m'mbali pa dothi long'ambika, ndipo dothi limenelo linapitirira mpaka kumapiri a Chisi, amene ankaoneka ngati ungawakhudze. Amuna anali atapita kukasaka nsomba kunyanja zina. Panatsala amayi, ana ndi nkhalamba. Gogo wina amene ankandidziwa anazungulira wagoni, n'kugwada movutikira kusuzumira kunsi.

“Mwanawe, iyi siidutsa. Malole akumba njira. Dikira lole, mwina ibwera mkuja.”

“Palibe amuna oti tinyamule pa machira?”

“Ukuwaona?”

A Layisoni anagogoda pa galasi. Nditaweramira mkati anandigwira dzanja. Linali lopepuka ngati bango.

“Mkuja ndi kutali, alamu. Tiyeni.”

Njira ya malole inali mikwasa iwiri yakuya, pakati pake pali msana wa dothi louma gwaa. Galimoto ya msinkhu wake ikanadutsa, msanawo ukungoipsompsona. Yathu ayi. Choncho ndinayendetsa matayala a mbali imodzi pamwamba pa msanawo, a mbali inayo m'mphepete, kunja kwa njira. Kunjako dothi linali louma pamwamba pokha, pansi pali phala. Ndinkalimva likuphwanyika pang'onopang'ono. Ndinkayenda liwiro la munthu wapansi, thukuta likulowa m'maso, ndikupemphera mapemphero onse amene ndinkawadziwa. Tinadutsa theka. Ndinayamba kuona milambe ya pa Chisi umodziumodzi, ndi utsi wa m'midzi.

Kenako dothi la m'mphepete linagumuka. Wagoni inatsetsereka mwaulemu, popanda phokoso, matayala onse n'kugwera m'mikwasa, mimba n'kukhala pamsana paja. Ndinaponda mafuta. Matayala anazungulira m'malere.

Ndinaika jeke, inamira m'matope. Ndinaika tayala lapadera pansi pa jeke, linamiranso. Panalibe mwala, panalibe mtengo, pakati pa nyanja mungaupeze kuti? Ndinatenga nkhwangwa ija, yosulidwa ndi chitsulo cha galimoto yomweyo, n'kugona chafufumimba kumatema dothi kunsi. Linali lolimba ngati njerwa yootcha, ndipo malo oti dzanja ligwedezeke panalibe.

Panadutsa mayi wina wa pa Chisi atasenza thumba la gaga. Ndinamupempha kuti athamange, akauze apongozi ndi Esinati kuti Layisoni wafika, ali panjira, abwere ndi anthu. Anatula thumbalo pomwepo n'kuthamanga.

Ndinati ndiwabereke a Layisoni. Ndinatsekula chitseko chakumbuyo, n'kuwakoka pang'onopang'ono, n'kuwaika kumsana. Sindinayende mapazi khumi. Anatsokomola, ndinamva kutentha pakhosi panga, ndipo nditayang'ana malaya anga anali ofiira.

“Ndibwezereni,” anatero. “Mukundithyola.”

Ndinawagonekanso pa matiresi. Chitseko chakumbuyo chinali chotsekula, koma chinkayang'ana ku Kachulu kumene tinachokera. Chisi chinali kutsogolo, kuseri kwa mipando, ndipo mutu sakanatha kudzutsa. Ndinathyola kagalasi koonera kumbuyo, n'kukagwira pamwamba pa nkhope yawo, kukapendeketsa mpaka anati, “Pomwepo.” Anayang'ana nthawi yaitali.

“Mlambe uwo ndi wa pakhomo pathu. Wakula.”

Ndinabwerera kunsi kukakumba. Zikhadabo zinathyoka. Ndinkalira ngati mwana, ndikutukwana dothi, ndikudzitukwana ndekha. Ndinamva akundiitana.

“Alamu. Chatsala n'chachikulu bwanji kuti matayala agunde pansi?”

Ndinalowetsa dzanja pakati pa tayala ndi dothi. Ndikanatha kunama, koma munthu ameneyu anandiphunzitsa kugwira sipanala.

“Zala zinayi.”

Anayamba kuseka. Kuseka kwake kunali kwa mpweya wokhawokha, koma kunali kuseka.

“Koma inakongola,” anatero. “Tisanamizane, inakongola.” Anatsokomola pang'ono. “Musakawauze amayi. Angadzati mwana wawo anaphedwa ndi sowo. Mukawauze kuti ndi msewu.”

“Alamu, ndikhululukireni.”

“Gwirani galasi.”

Ndinagwira. M'kagalasimo munayamba kuoneka timadontho takuda tikuchokera ku Chisi, tikukula pang'onopang'ono. Ndinawauza kuti akubwera, limbani, awo akubwera. Sindidziwa ngati anawaona. Mwina m'kagalasimo ankangoona thambo. Pamene ndinayamba kuzindikira kuti wakutsogoloyo ndi Esinati, ndipo wothamanga mopunduka kumbuyo kwake, nsalu ili m'manja, ndi apongozi, a Layisoni anali atasiya kupuma. Mtunda umene unatsala, galimoto ikanaudya munthu asanamalize kusenda chinangwa chimodzi.

Apongozi analowa m'wagonimo ndi maondo. Anamugwira mwana wawo kumaso, akadali wofunda. Sanakuwe nthawi yomweyo. Atatuluka anaima chammbali monga tsiku lija padoko, n'kuyang'ana kumene kunkakhala madzi.

“Esinati, uwauze bambo awa kuti zikomo. Andibwezera.”

Ndikanakonda akanandimenya ndi nkhwangwa ija.

A Layisoni tinawanyamula pa chitseko cha nyumba chimene anthu anabwera nacho. Kamtsikana kena kankayenda pambali panga kakundiyang'anitsitsa, ndipo ndinachita kuuzidwa kuti ndi Joyisi. Kwa miyezi yambiri ankanditcha bambo a galimoto, ndipo ndikalowa m'nyumba iye ankatuluka.

Maliro atatha ndinati ndipeze lole idzakoke wagoni. Woyendetsa wina anati mawa, wina anati chingwe alibe. Kenako mvula inagwa, dothi lija linasanduka phala, ndipo palibe lole inayerekezanso kulowamo. Ndinkaima pa Chisi kumaiona, kadontho kobiriwira pakati pa matope. Madzi anabwera chaka chimenecho pang'ono, chaka chotsatira ambiri. Anafika m'matayala, anafika m'mazenera. Tsiku lina m'mawa sindinaionenso. Asodzi mpaka lero amapatcha Pawagoni, ndipo amapalambalala chifukwa pamang'amba maukonde. Amati pamakhala milamba ikuluikulu.

Ku Halale sindinabwererenso. Ndinabwerera ku thandala la matemba, ndipo sowo sindinaigwirenso. Chimene chinandipweteka n'chakuti ndinatchuka. Pamaliro, paukwati, akulu akamalangiza akamwini ankatchula ine: onani mnzanu uja, anamutenga mlamu wake pa galimoto kuchokera ku Halale mpaka pakhomo. Ndinkangoweramitsa mutu, iwo n'kumati ndi kudzichepetsa. Apongozi chaka chilichonse ankanditumizira mpunga woyamba kupuntha, ndipo ine ndinkaulandira n'kuthokoza. Esinati yemwe sindinamuuze. Kangapo ndinatsekula pakamwa, koma mawu a mwini wake anali akuti musakanene, ndipo ine ndinabisala kuseri kwa mawu amenewo mosangalala ngati mbava yopeza chitseko chosakhoma.

Apongozi anakhala zaka zina zambiri. Atadwala matenda awo omaliza anandiitanitsa. Ndinakhala pakhomo, kunja, monga mwa masiku onse, kudikira kuti Esinati andiuze zimene akunena. Koma anati ndilowe. Ndinagwada pafupi ndi mphasa, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirireni mwana wawo anandiyang'ana m'maso n'kuyankhula nane mwachindunji.

“Bambo, ndakhala ndikukuonani. Simuseka ngati kale. Mtima wanu unatsala panyanja paja.” Anandigwira dzanja, lomwe lija loyezera. “Musamadzizunze. Munachita zonse. Galimoto ija inali yabwino, msewu ndiwo unali woipa.”

Anali kudikira kuti ndiyankhe. Esinati anali pambali, Joyisi ali pakhomo ndi mwana kumsana. Ndinayang'ana zala zanga zili m'dzanja lawo.

“Inde, amayi,” ndinatero. “Unali msewu.”